Lupanga lopanda chitsulo: momwe masewera a VR omenyana ndi mazombi amanyengera dzanja

[M'chipinda chochezera ku Kapata, mu Chipata. Mipando yakankhidwira kukhoma. Wofotokoza wavala magalasi a VR, ophimba maso onse n'kukuonetsa dziko la pakompyuta ngati uli momwemo.]

Muli bwanji nonse abale anga amene mukuonera. Taonani dzanja langa lamanjali. Ndagwira kontirola yosewerera, kapulasitiki kosafika ndi magalamu 200 omwe. Koma m'kati mwa magalasiwa ndikuona lupanga lalitali lachitsulo, ndili pachipata cha linga la ku Ulaya wakale, ndipo mitembo itatu yovala zisoti zadzimbiri ikundidzera. Lero tikambirane chinthu chimodzi: lupanga loti kulibe limalemera bwanji m'manja?

[Avula magalasi.]

Za chipangizochi ndinena mwachidule. Mu 2012 mnyamata wa ku America, Palmer Luckey, anasonkhetsa ndalama pa intaneti zopangira magalasi a Oculus Rift. Mu 2014 Facebook inagula kampani yake ya Oculus ndi madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo mu 2019 inatulutsa Quest, yosafuna chingwe kapena kompyuta. Kunjaku kuli timakamera toyang'ana makoma ndi manja anu. Mukawerama, mukatembenuka, mukakweza mkono, chithunzi chimajambulidwanso ka 72, ka 90 kapena kuposa apo pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake ubongo umavomera kuti mwafikadi kumeneko.

Masewera a malupanga olimbana ndi akufa alipo angapo, monga Hellsplit: Arena ya mu 2019 ndi Undead Citadel ya mu 2023. Ndipo zombi si mlendo kwenikweni kwa ife. Dzinali linatchuka kuchokera ku Haiti, kumene limanena za munthu woukitsidwa ndi mankhwala kuti azigwirira ntchito mbuye wake. Si ndondocha imeneyo, ija agogo ankatisimbira madzulo? Kusiyana kwake n'koti wa m'masewerayu alibe mbuye, salimira munthu, amangofuna inu. Opanga masewera amamukonda chifukwa amayenda pang'onopang'ono, ndiye amakupatsani mpata woona kumene nkhonya ikuchokera.

Tsopano tifike pa lupanga. Lupanga lenileni la nthawi imeneyo, logwira ndi manja awiri, linkalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Si katundu wambiri, koma yesani kuzunguza mpini wa khasu mphindi zisanu, mudzamva phewa likuyaka. Kontirola ilibe zimenezo. Masewera ena oyambirira ankangomata lupanga padzanja, moti munthu ankangogwedeza chikhatho ngati akuingitsa ntchentche, adani n'kumagwa okha. Kwa ine imeneyo si nkhondo, ndipo sichedwa kutopetsa.

Nzeru imene inatchuka ndi masewera a Blade & Sorcery, omwe anayamba kuseweredwa mu 2018, ndi iyi. M'masewera muli manja awiri: lanu lenileni, ndi lina la m'chithunzi lomwe limalondola lanu ngati lakokedwa ndi mphira wa legeni. Mukanyamula mpeni, mphirawo ndi wolimba, dzanja la m'chithunzi limafika nthawi yomweyo. Mukanyamula nkhwangwa yaikulu, limatsalira m'mbuyo pang'ono. Maso amaona kutsalirako, ubongo n'kunena kuti chinthuchi n'cholemera, ndipo inu eni mumayamba kuchepetsa liwiro, kukoka kuchokera m'chiuno, osadziwa kuti mwasintha.

[Pa skrini: lupanga limenya chishango cha zombi n'kuima.]

Taonani apa. Lupanga laima pachishango, koma dzanja langa lenileni lapitirira, chifukwa m'chipinda muno mulibe choliimitsa. Chimene ndamva ndi kunjenjemera kwa kontirola ndi phokoso la chitsulo m'makutu. Ziwirizo zikafika pa nthawi yeniyeni, thupi limakhulupirira. Zikachedwa ngakhale pang'ono, mumazindikira kuti mukumenya mphepo. Apa m'pamene ndimayezera ngati masewera apangidwa mosamala.

Za chishango ndinaphunzira kwathu konkuno. Amene munapitako ku Ncwala ku Mtenguleni, kumapeto kwa February, munaona momwe madoda a Nkosi Mpezeni amagwirira chishango chachikopa kumanzere, chibonga kumanja. Chigongono chimakhala chopinda, chishango chimayenda ndi thupi, mwendo umaponda pansi mwamphamvu. Chitani chimodzimodzi m'masewera. Musatambasule mkono wonse, mudzatopa msanga ndipo nthiti zidzakhala poyera. Lolani zombi ayambe ndiye, tchingani, kenaka lasani pamene chovala chachitsulo chasiya mpata: pakhosi, m'khwapa, kuseri kwa bondo. Akakhala ambiri, sunthani mpaka akhale pamzere umodzi, asakuzingeni.

Pali vuto limodzi lomwe sindingakubisireni, chizungulire. M'kati mwa khutu muli timadzi tomwe timauza ubongo ngati thupi likuyenda. Mukayendetsa msilikali wanu ndi chala, maso amati tikuthamanga, khutu likuti taima. Mkangano umenewo ndiwo umabweretsa nseru ndi thukuta lozizira. Mukangomva choncho vulani, musalimbe mtima. Yambani ndi mphindi 10, sankhani kutembenuka modumpha m'malo mozungulira mosalala, ndipo pa kutentha kwa October ikani fani patsogolo panu. Mphepoyo imaziziritsa, komanso imakukumbutsani kumene mwayang'ana.

Konzani malo a mamita 2 m'litali ndi 2 m'lifupi, ndipo mangani tizingwe ta makontirola m'manja. Ana ndi mbaula zikhale kutali, chifukwa mukavala simuona kanthu ka m'nyumba. Batire imatha pakapita maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, choncho tchajani malaiti akadalipo. Ndipo chonde, musasiye magalasiwa padzuwa kapena pawindo. Magalasi a m'katiwo amasonkhanitsa kuwala ngati galasi lija tinkaotchera pepala kusukulu, ndipo skrini ikapsa yapsa.

[Avalanso magalasi, apinda chigongono chamanzere.]

Atatu aja akadali pachipata. Wapakatiyo ali ndi nkhwangwa, ndiye ndiyamba ndi wakumanzere. Yang'anitsitsani dzanja langa lenileni pakona ya skrini, muone pamene lupanga likutsalira.