Makalata a omvera: biltong ndi bekoni wa pakhomo

Tabweranso omvera, makalata achuluka sabata ino ndiye tingoyamba basi.

Yoyamba ndi ya biltong, nyama youmitsa ija ya ku South Africa, yachokera kwa mayi ena ku Area 25, akuti: "Achimwene, mlongo wanga anabwera ndi biltong kuchokera ku Joni ana anaikonda koopsa, ndiye mu February ndinagula nyama ya ng'ombe makilo awiri, kuthira mchere nkuyanika pakhonde. Tsiku lachitatu fungo, chuku, mpaka mphutsi, ndinataya yonse. Ndinalakwitsa pati?"

Pepani mayi, mmene yakwerera nyamamu makilo awiri kutaya zimawawa. Koma musagwe ulesi. Chinakupwetekani kwambiri ndi nyengo, February kuno ku Lilongwe ndi dzinja, mpweya umakhala wachinyontho moti ngakhale zovala zimavuta kuuma, ndiye nyama imaola isanaume. Dikirani June, July mpaka August kukamazizira kuja kamphepo kakuwomba, nthawi yake ndi imeneyo. Mcherenso osangowaza mongoyerekeza ayi, yezani pa sikelo, magalamu 25 pa kilo imodzi. Nyamayo muidule mizere italiitali yonenepa ngati chala chachikulu, chotsani mafuta ambiriwo, muinyowetse ndi viniga kenako mchere uja, njere za coriander zokazinga nkusinja, tsabola wakuda, ine ndimaponyamo ndi kambuzi pang'ono ndipo ndikuuzeni imakoma kuposa yogula. Igone mu fuliji usiku umodzi, mawa lake muipachike pamthunzi podutsa mphepo, mizereyo isakhudzane. Masiku 4 mpaka 7 yatheka. Za ntchentchezo phimbani ndi kansalu kopyapyala koyera, koma chonde osati neti ya udzudzu, ija ili ndi mankhwala.

Ina yachokera kwa mnyamata wa ku Biwi: "Akulu, ndikufuna kupanga bekoni ndekha ndi nkhumba yogula ku Mitundu, pa YouTube akumanena za mchere wa pinki, ndi womwe uja wa Himalaya?"

Ayi aphwanga, apa mumvetsetse. Wa Himalaya ndi mchere wamba chabe. Umene akunenawo ndi Prague powder nambala 1, muli sodium nitrite 6.25 peresenti, ndi amene amatchinga tizilombo toyambitsa botulism (matenda oopsa obwera ndi poizoni wa m'chakudya) nkupatsa bekoni mtundu wofiirira uja. Ukachuluka ndi poizoni, mlingo wake ndi magalamu 2.5 pa kilo ya nyama, osapitirira, ndipo muubise kutali ndi ana. Muusakanize ndi mchere wamba ndi shuga, mupake nyama ya pamimba, sabata yathunthu mu fuliji mukuitembenuza tsiku lililonse. Ngati kwanuko magetsi akumazima tsiku lonse yambani mwadikira kaye. Pogulanso nkhumbayo yang'anitsitsani, mukaona tinthu toyera ngati mpunga mu mnofumo isiyeni, timeneto ndi tiana ta njoka za m'mimba. Ndipo bekoni sadya wamuwisi, mukazinge apse.

Agogo ena ku Likuni alemba mwachidule, akuti: "Anawa akuvutikiranji, ife timangowamba pa moto wa nkhuni, ikauma kuphika ndi tomato ndi nsinjiro."

Zoona agogo, utsi ndi kutentha zija zimagwira ntchito ngakhale dzinja, ndipo yowamba yotendera ndi nsima ya mgaiwa ine ndimanyambita zala. Mayi a ku Area 25 mwamva, mvula ikamagwa tsatani njira ya agogoyi. Agogo tilembereninso mutiuze nkhuni zomwe mumasankha, pakuti zina utsi wake umawawitsa nyama.