Hana sadaleke kusoka mkanjo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno akuchokera m'buku la 1 Samueli, mutu 2, ndime 12 mpaka 26, ndipo tisuzumiranso pang'ono m'mutu 3. Amene muli ndi Baibulo pafupi, ndikupemphani kuti muyambe mwawerenga ndimezi mofatsa, chifukwa nkhani imene ili mumtima mwanga lero ndi yolemera.

Ku Silo kudali nyumba ya Yehova, ndipo wansembe wake adali Eli, bambo wokalamba amene ana ake awiri, Hofeni ndi Finehasi, ankatumikiranso pamalo omwewo. Munthu akabwera ndi nsembe yake, nyama ili pamoto, mnyamata wa ansembewo ankafika ndi foloko ya mano atatu n'kuipisa mumphika, ndipo chilichonse chimene chakodwa chinkakhala chawo. Nthawi zina ankalamula kuti apatsidwe nyama yaiwisi mafuta asanatenthedwe, ndipo wozengereza ankauzidwa kuti akapanda kupereka amulanda mwamphamvu. Choipitsitsa n'chakuti ana a Eliwo ankagona ndi akazi amene ankatumikira pakhomo pa chihema chokumanako, akazi amene adabwera pamalopo chifukwa cha Mulungu. Ndime 17 ikutiuza kuti tchimoli lidakula kwambiri pamaso pa Yehova chifukwa chopereka chake chidanyozeka. Choncho anyamatawa adapweteka anthu amene adawagwira, ndipo adaipitsanso mbiri ya chopereka m'mitima ya ambiri amene sadawagwire.

Ndimezi zimandikumbutsa zimene zidachitika ku Britain m'chaka cha 2012. Nyumba youlutsira mawu ya BBC ili ndi pologalamu yosonkhetsa ndalama zothandizira ana ovutika yotchedwa Children in Need, imene yakhala ikuonetsedwa pa wailesi ya kanema mwezi wa November chaka ndi chaka kuyambira mu 1980. Abale athu amene ali kumeneko amaidziwa bwino. Sabata imeneyo m'masitolo mumadzaza zidole za chimbalangondo chachikasu chotchedwa Pudsey, chimene diso lake limodzi ndi lomangidwa ndi kansalu, ana asukulu amagulitsa makeke ndi kuyenda ndi tizidebe toponyamo ndalama, ndipo usiku wa Lachisanu anthu amaimba mafoni kulonjeza zopereka zawo. Ndalamazo zimagawidwa kwa timabungwe tambirimbiri tosamalira ana olumala, ana odwala, ana aumphawi ndi ana amene adachitidwa nkhanza.

Koma pa 3 October 2012, kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti pologalamuyi ichitike, wailesi ya kanema ya ITV idaulutsa umboni wa amayi amene adanena kuti Jimmy Savile adawachita zachipongwe ali atsikana. Savile adali muulutsi wotchuka wa BBC, amene kuyambira mu 1975 mpaka mu 1994 ankatsogolera pologalamu yokwaniritsa zokhumba za ana omwe ankamulembera makalata. Adasonkhetsa ndalama pafupifupi mapaundi 40 miliyoni zothandizira zipatala ndi mabungwe, ndipo mu 1990 adapatsidwa ulemu wa Sir. Adamwalira mu October 2011 ali ndi zaka 84, ndipo adaikidwa mwaulemu waukulu ku Scarborough. Umboni wa amayi aja utamveka, anthu enanso adalimba mtima n'kuyamba kuyankhula. Lipoti la apolisi a ku London ndi bungwe loteteza ana la NSPCC, limene lidatuluka mu January 2013, lidati anthu 450 adabwera kudzadandaula za Savile, ndipo milandu 214 idalembedwa, yochokera mu 1955 mpaka mu 2009. Ambiri mwa ogwiriridwawo adali ana. Zidadziwikanso kuti atolankhani a BBC yomweyo adafufuza nkhaniyi kumapeto kwa 2011, koma kafukufukuyo sadaulutsidwe, pomwe mapologalamu otamanda malemuyo adaonetsedwa pa nyengo ya Khirisimasi ya chaka chomwecho.

M'pake kuti anthu ena adafunsa ngati nyumba yotere ili ndi nkhope yoimirira nayo pamaso pa dziko n'kupempha ndalama m'dzina la ana. Funsoli sindiliona ngati lachipongwe. Munthu amene adagwiriridwa ali mwana m'chipinda cha m'nyumba youlutsira mawuyo, akaona oulutsa akumwetulira ndi kunena kuti amakonda ana, mtima wake uyenera kuwawa, ndipo ife amene sitidakumane ndi zimenezo tilibe ufulu womuuza kuti aiwale.

Makolo athu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Nzeru yonse ya Savile idagona pamenepo. Adakhala pa mkhate wa ntchito zachifundo, podziwa kuti aliyense wofuna kumumenya adzaopa kuswa mkhatewo. Ku chipatala cha Stoke Mandeville, kumene adasonkhetsa ndalama zomangira malo osamalira anthu ovulala msana, ankalowa ndi kutuluka ngati kwawo. Ku chipatala chachikulu cha ku Leeds ankadzipereka kukankha odwala pa timabedi ta mateyala, ndipo ku Broadmoor, chipatala cha odwala misala cholondedwa kwambiri, adapatsidwa makiyi. Mwana wogona pabedi la chipatala, amene sangathe kudzuka n'kuthawa, akanena kuti bambo uja wandigwira, akuluakulu ankayang'ana nyumba zimene bamboyo adamangitsa n'kukhala chete. Ngakhale pamene apolisi a ku Surrey adamufunsa mafunso mu 2009, mlandu sudafike kukhoti. Apa m'pamene ndikuona kuti chifundo chooneka ndi maso chingathe kusanduka chophimbira choipa, monga mmene zovala za unsembe zinkaphimbira Hofeni ndi Finehasi.

Nanga pamenepa mkhatewo uswedwe? Tiyeni tibwerere ku Silo, pa ndime 18 ndi 19. Pakati pa mbiri yonyansa ya ana a Eli, wolemba akutionetsa kamnyamata kakang'ono, Samueli, kakutumikira pamaso pa Yehova, ndipo akutiuza kuti mayi wake Hana ankamusokera kamkanjo n'kumupititsira chaka ndi chaka pamene ankapita ndi mwamuna wake kukapereka nsembe. Taganizirani mayi ameneyu ali ku Rama, atakhala pansi ndi nsalu pamiyendo, mwana amene akumusokera sadamuone kwa miyezi yambiri. Alibe pomuyeza, choncho akungoyerekeza mumtima kuti chaka chino watalika chotani, n'kuwonjezera pang'ono m'manja ndi m'munsi kuti chovalacho chisamuthine chaka chisanathe. Mbiri ya ansembe aja idali itawanda pakati pa anthu onse, monga Eli mwini adavomerezera pa ndime 23, choncho n'kovuta kukhulupirira kuti Hana sadaimve. Komabe sadaleke kusoka, chifukwa kamkanjoko sikadali ka Hofeni kapena ka Finehasi. Kadali ka mwana amene akadazizidwa mayi wake akadanyanyala.

Ichi ndicho chifukwa chake ine ndikuona kuti kudali koyenera kuti pologalamu ija ya Children in Need ipitirire. Mwana wolumala wa ku Glasgow amene ankadikira njinga yoyendera, kapena mwana wa ku Cardiff amene ankapita kwa aphungu omutonthoza atachitidwa nkhanza kunyumba, sadalakwe chilichonse. Kuimitsa zoperekazo kukadakhala kulanga ana chifukwa cha tchimo limene lidachitidwa pa ana anzawo, ndipo ngakhale mmodzi mwa akuluakulu amene adakhala chete sakadamva kuwawa kwake. Pologalamuyi idachitikadi pa 16 November 2012, patangopita masiku asanu ndi limodzi mkulu wa BBC, George Entwistle, atatula pansi udindo umene adaugwira masiku 54 okha, ndipo usiku umenewo anthu adapereka ndalama zoposa mapaundi 26 miliyoni. Anthu wamba adasiyanitsa mwana ndi nyumba imene idalephera kumuteteza.

Koma ndikadakhala kuti ndalekera pamenepa, ndikadakunamizani, chifukwa Mulungu sadatenge kukhulupirika kwa Hana ngati chifukwa chokhululukira nyumba ya Eli. Eli adawadzudzula ana ake, ndipo mawu ake pa ndime 23 mpaka 25 ndi abwino ndithu, koma adawasiya pa udindo, foloko ija ili m'manja mwawo, akazi aja akadali pakhomo pomwepo. Pa mutu 3, ndime 13, Yehova akunena kuti adzaweruza nyumbayo chifukwa cha choipa chimene Eli ankachidziwa koma osawaletsa ana akewo. Mlandu wa Eli udali kudziwa n'kungoyankhula motsitsa.

Pali chinthu china pa nkhani ya ku Britain chimene chimandisautsa ndikachiganizira. Sir Roger Jones, amene adakhalapo wapampando wa Children in Need, adaulula mu 2012 kuti pa nthawi yake adaonetsetsa kuti Savile asayandikire ntchitoyo chifukwa khalidwe lake linkamukayikitsa, ngakhale adalibe umboni wogwirika. Adachita bwino kutseka khomo lakelo, ndipo mwina ana ena adapulumuka chifukwa cha zimenezo. Koma makomo ena onse adakhalabe otsegula. Lipoti la Dame Janet Smith la mu February 2016 lidapeza kuti anthu 72 adachitidwa nkhanza ndi Savile pa zochitika zokhudzana ndi ntchito yake ku BBC, ndipo lidafotokoza kuti antchito aang'ono ankaopa kudandaula za anthu otchuka. Kunong'onezana kudalipo, kukayikira kudalipo, koma mawu sankakwera kufika kwa amene akadachitapo kanthu. Ndalama zochuluka za usiku umodzi sizifafaniza zimenezi, ndipo nyumba iliyonse imene ingaloze ku zopereka zake n'kunena kuti taonani, anthu atikhululukira, yayambanso kukhala pa mkhate uja.

Choncho ntchito yachifundo ipitirire, koma ipitirire yasintha. Mfumu Yowasi itaona kuti ansembe akulandira ndalama koma nyumba ya Yehova sikukonzedwa, sidaletse anthu kupereka. Pa 2 Mafumu 12 tikuwerenga kuti wansembe Yehoyada adatenga bokosi, n'kuboola chivundikiro chake, n'kuliika pambali pa guwa, ndipo likadzaza mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankawerengera limodzi ndalamazo. Chopereka chidatsala, koma njira yake idasintha kuti munthu mmodzi asakhale yekha ndi chinthu chimene si chake. Ngati Malemba akusamala chotere pa ndalama, nanga pa mwana tisamale motani? Palibe munthu, kaya ndi wotchuka chotani, kaya adamangitsa nyumba zingati, amene ayenera kukhala yekha ndi mwana wa eni m'chipinda chotseka popanda wina woona.

Nkhaniyi ndi ya ku Britain, koma nafenso tili ndi a Silo athu. Tili ndi makwaya a ana, Sande sukulu, nyumba za ana amasiye, ndiponso anthu akufuna kwabwino amene amalipirira ana athu sukulu fizi. Ambiri mwa iwo ndi anthu oopa Mulungu, ndipo sindikufuna kuti tiyambe kuwayang'ana ndi diso loipa. Komabe tidzifunse moona mtima m'mawa uno: mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri atabwera n'kunena kuti bambo amene adagula malata a tchalitchi chathu amugwira mosayenera, tidzayamba kuganizira za mwanayo kapena za malatawo? Tidzamuuza kuti usatichititse manyazi, kapena tidzamukhazika pansi, kumumvetsera mpaka amalize, n'kupita naye kuchipatala ndi kupolisi? Kukambirana nkhani yotere m'bwalo la akulu ampingo mokha, n'kumusamutsira wolakwayo ku mpingo wina mwakachetechete, ndi njira ya Eli.

Mutu 3 ukutiuza kuti nyali ya Mulungu idali isanazime pamene Yehova adaitana Samueli. Uthenga wa chiweruzo cha nyumba yonseyo adaupereka kwa mwana. Ndime 15 ikuti Samueli adagona mpaka m'mawa, n'kutsegula zitseko za nyumba ya Yehova monga mwa masiku onse, koma ankaopa kumuuza Eli zimene adamva. Mwanayo adagwira ntchito yake ya m'mawa ali ndi katundu wolemera mumtima, ndipo womuona sakadadziwa kanthu. Adayankhula pokhapokha Eli atamuitana kuti mwana wanga, n'kumuuza kuti asamubisire kalikonse. Ambiri mwa anthu 450 aja adatsegula zitseko m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu kapena makumi anayi, ena mpaka kumera imvi, popanda wowaitana n'kuwafunsa.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, tikuika m'manja mwanu onse amene adapwetekedwa ali ana ndi anthu amene dziko linkawaombera m'manja, ku Britain ndi kwina kulikonse. Apatseni machiritso ndi anthu owakhulupirira. Limbikitsani manja a onse amene akusokera ana ovutika timikanjo, kuti asafooke chifukwa cha zoipa za ena. Ndipo ngati pali mwana pakhomo pathu, m'kalasi mwathu kapena mumpingo mwathu amene wadzuka lero ndi mawu amene akuopa kunena, tipatseni maso omuona ndi mtima womuitana. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.