Makalata a Omvera: Kodi mkamwini wangayu ndi mtundu wanji?

Takulandiraninso nonse, a ku Ulongwe, a ku Domwe, a ku Tsangano, a ku Furancungo, ndi inu a ku Moatize amene mumatimvera pa foni bwana akayang'ana kumbali. Thumba la sabata ino lalemera, choncho ena ndikuyankhani mothamanga, musandikwiyire.

Mayi a ku Tsangano akuti ogula mbatata ya kachewere akubwera ndi matumba osokerera pamwamba, koma mtengo ndi wa thumba wamba. Mayi, gwirizanani alimi a mudzi wonse, mugulitse pa sikelo. Mukamagulitsa aliyense payekha azikudyerani masuku pamutu chaka ndi chaka. Mnyamata wa ku Zóbuè akufunsa chifukwa chake moni wake sitinauwerenge. Achimwene, munalemba mayina odzaza masamba awiri, mpaka aphunzitsi anu a kalasi yoyamba. Sankhani asanu.

Tsopano kalata imene yandisoweka tulo. Yachokera kwa bambo ena a ku Furancungo, dzina ndasunga. Akuti:

"Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Nacala. Wapeza mwamuna wa pa chilumba cha Ilha de Moçambique ndipo akufuna ukwati. Watitumizira zithunzi za kwawo kwa mnyamatayo pa WhatsApp. Agogo ake aamuna akuoneka ngati mmwenye, amayi ake ndi akuda ngati ife, mlongo wake ndi woyera watsitsi lalitali, azakhali ena nkhope yonse yapakidwa zoyera. Ndamufunsa mwana wanga kuti anthu amenewa ndi mtundu wanji, iye akungoti ndi a pa chilumba. Ine ndine Mchewa weniweni. Adzukulu anga adzakhala ayani? Ndikane kapena ndivomere?"

Bambo, zikomo polemba mosabisa. Ambiri zoterezi amangong'ung'udzira m'mtima, kenako pa tsiku la ukwati amadwala malungo abodza.

Mwana wanu sanakuzembeni. Wakuyankhani zoona. Chilumba chimenecho chili m'chigawo cha Nampula, pa nyanja yamchere, ndipo ndi kachilumba kakang'ono zedi, makilomita atatu m'litali, m'lifupi osafika ndi kilomita imodzi yomwe. Koma dziko lathu lonseli linatenga dzina pamenepo. Vasco da Gama atafika mu 1498 anapeza kale amalonda achisilamu, Aswahili ndi Aluya, akugulitsana ndi anthu a kumtunda. Apwitikizi anakhazikika mu 1507, namanga linga la São Sebastião, ndipo likulu la dziko linali pomwepo mpaka 1898 pamene linasamukira ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo. Amwenye amalonda ochokera ku Diu anabwera mu 1686, enanso anachokera ku Goa, konse ndi ku India. Panadutsanso akapolo ambirimbiri ogwidwa kumtunda, kudikira zombo zopita ku Brazil ndi ku zilumba za m'nyanja ya India. Ndiye bambo, anthu onsewa apanikizane pa kamalo kamene mungakamalize wapansi nsima isanapse, kwa zaka zoposa 500, inu mukuganiza kuti ankangopatsana moni?

Komabe musaganize kuti kumeneko ndi dziko la azungu ndi amwenye. Anthu ambiri a pa chilumbapo ndi Amakua, abale awo a Alomwe amene mumawadziwa, ndipo amalankhula Chimakua cha m'mbali mwa nyanja. Ambiri ndi Asilamu. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse m'dziko muno, 99 ndi akuda, ndipo a magazi osakanizika sakwana ndi mmodzi yemwe pa 100. Kungoti pa chilumbapo mbiri imaonekera pankhope kuposa kwina. Kumpoto kuli nyumba zamiyala ndi laimu, kumene kunkakhala olamulira ndi amalonda. Kummwera kuli Macuti, nyumba zofolera masamba a kokonati, zothithikana, kumene kumakhala unyinji wa anthu. Mukamayenda pamsewu madenga a nyumbazo mumawaona m'munsi mwanu, chifukwa pamalo amenewo ndi pamene ankakumba miyala yomangira nyumba za mabwana. Mzikiti, tchalitchi ndi kachisi wa Ahindu zonse zili pa kachilumba komweko. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inachiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1991.

Azakhali opaka zoyerawo asakuopseni. Ndi mussiro, amaupera kuchokera ku mtengo pamwala, amayi amapaka kuti khungu lisalale. Inu a ku Furancungo, kwawo kwa Gule Wamkulu, muope nkhope yopakidwa?

Koma pamene mwandikhudza ndi apa mwati "Mchewa weniweni". Bambo, ndikulankhula mwaulemu, ndinu akulu kwa ine. Furancungo ali m'boma la Macanga. Kodi Makanga ankalamulira ndani? Banja la Pereira. Kholo lawo, Gonçalo Caetano Pereira, anachokera ku Goa m'zaka za m'ma 1700, napeza malo m'dziko la Undi. Ana ndi adzukulu ake anakwatirana ndi Achewa, nalamulira dera lanulo mpaka Apwitikizi anawagonjetsa mu 1902. Asilikali awo anali Achikunda, anthu otoledwa m'mitundu yosiyanasiyana ya m'chigwa cha Zambezi, amene pambuyo pake anasanduka mtundu paokha. Ndiye ngati magazi a ku Goa ndi mlandu, mlanduwo unafika kwanu kalekale, mwana wanu asanakwere basi ya ku Nacala.

Tibwere kuno ku Angónia. Zwangendaba, mfumu ya Angoni, anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Angoni a Maseko nawonso anayenda mtunda wautali asanadzakhale ku Domwe. M'njira monsemo ankatenga anthu ndi kukwatira akazi a mitundu imene ankaipeza, mpaka lero Mngoni wa ku Domwe amavina ngoma atanyamula chishango koma kunyumba amayankhula Chichewa cha amayi ake. Ndipo minyanga ya njovu ya Amaravi, makolo athu, ina inkathera pa chilumba chomwecho. Njira imeneyi sinayambe ndi mwana wanu, ndiponso sinayambe ndi sitima ya malasha yochoka ku Moatize kudzera ku Malawi kupita ku Nacala.

Ndikutalikitsa dala, chifukwa makalata otere achuluka m'thumba muno. Mwezi uno wokha, wina akukana mpongozi poti ndi Mnyungwe, wina akuti Asena ndi otere, wina akuti mwana wake asatengane ndi Mlomwe. Tonse tili ndi abale amene nthawi ya nkhondo ya zaka 16 anathawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza, nalandiridwa ndi anthu amene sanawafunse mfunda asanawapatse madzi. Ena anabwerako pambuyo pa 1992 ali ndi akazi ndi ana a komweko. Lero ife tomwe tikukhala pakhonde n'kumayeza khungu la mwana wa mnzathu pa chithunzi cha pa foni. Zimandinyansa, ndinene poyera. Munthu woledzera, womenya mkazi, timamulandira ndi nkhuku poti ndi wa mudzi woyandikana nawo. Wakhalidwe timamukana poti agogo ake ali ndi mphuno yosongoka.

Funso lanu lenileni, lakuti adzukulu adzakhala ayani, yankho lake mukulidziwa kale. Kwathu kwa Achewa ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume awo, ndipo kwa mwana wanuyo ndi alamu anu, achimwene a mayi a kunyumba. Inu bambo, pepani, mukudandaulira mbuzi za eni. Chosangalatsa n'chakuti Amakua nawonso amawerengera mtundu kuchikazi. Pamenepa simudzakangana konse.

Pali zina zoyenera kufunsa, ndipo m'kalata yanu simunazitchule. Ngati mnyamatayo ndi Msilamu ndipo mwana wanu ndi Mkhristu, ukwati udzamangidwa kuti? Mwana wanu akuyembekezeka kusintha chipembedzo, ndipo iye mwini akufuna? Ana adzapemphera kuti? Mnyamatayo ali ndi mkazi wina, kapena akuganiza zodzatenga wachiwiri? Adzakhala kuti, poti chikamwini cha ku Furancungo munthu wa kunyanja sangachithe, angafe ndi chisanu cha mwezi wa Juni. Izi ndi zimene zimapasula mabanja zikapanda kukambidwa. Tumani ankhoswe, ndipo ngati thumba likulola pitani nawo. Mukafika ku Nampula patsala makilomita pafupifupi 180, kenako mlatho wautali woposa makilomita atatu, wopapatiza moti galimoto zimadikirana. Mukadye nawo, muone mmene mnyamatayo amayankhulira ndi amayi ake. Akadzabwera kwanu, nkhumba ija muisiye m'khola, muphe mbuzi, ndipo mpeni mumupatse iyeyo azinge yekha.

Kukana kapena kuvomera ndi kwanu ndi akuchikazi. Koma mukakana, chifukwa chake chikhale chimene mungachinene pamaso pa mwana wanu osayang'ana pansi. Mudzatilemberenso mukabwerako.

Nthawi yatha, ndithamange. Bambo a ku Songo akufunsa ngati nsomba za m'nyanja yamchere zimakhala zothira kale mchere. Ayi bambo, thirani ndithu, monga muchitira ndi kapenta wanu wa ku Cahora Bassa. Mayi a ku Ulongwe akuti amuna awo amabisa wailesi pulogalamu ino ikayamba. Mayi, pitani mukamvere kwa aneba, ndipo bambowo auzeni kuti kalata yawo yodandaula za inu nayonso ili m'thumba muno, tidzaiwerenga sabata yamawa.