Tikonze chithunzi cha Pasaka pa GIMP, tithanenso ndi bodza la 300 DPI

Moni nonse, takulandirani! Pasaka wayandikira, ndiye lero tikonza chithunzi cha mafuno abwino chotumizira abale ndi anzathu. Ine ndigwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, yomwe ndi yaulere. Amene muli ndi Photopea kapena Paint.NET, mabatani ena akhala malo osiyana, koma ntchito yake ndi yomweyi. Tisachedwe.

Choyamba, File, kenako New. M'lifupi lembani 1080, m'litali 1080. Ngati ndi cha pa status ya WhatsApp, m'litalimo ikani 1920. Basi.

Chachiwiri, mtundu wa kumbuyo. Sankhani wofewa, pinki wotuwirako kapena chikasu chopepuka, muthire ndi Bucket Fill. Mitundu yofewayi, akalulu, mazira ndi maluwa zinachokera kumayiko akumpoto, komwe Pasaka amafika chisanu chikutha, pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Ngati uthenga wanu ndi wa kuuka kwa Ambuye, zoyera ndi zagolide zimakhala bwino kwambiri.

Chachitatu, dzira. Tsegulani layer yatsopano yopanda mtundu, yomwe ili ngati pepala loonekera losanjika pamwamba pa chithunzi. Ndi Ellipse Select jambulani chozungulira chotalikirako, muthiremo mtundu, kenako Select, None. Tengani Perspective, mukokere ngodya ziwiri zam'mwambazo m'kati pang'ono. Mwaona? Kumutu kwawonda, pansi pakhala potakata. Tsopano penyetsetsani apa, pa mndandanda wa ma layer pali kabatani ka Lock alpha channel. Kadineni. Tengani burashi, mudutsitse mzere kuchokera kunja kwa dzira mpaka mbali inayo. Utoto ukungogwira padzira pokha, kunja sikukudetsedwa n'komwe. Kabatani kameneka ndimakakonda zedi! Ngati mwakadziwira pano, dinani like, ndipo amene simunadine subscribe dinani tsopano, ndikudikirani.

Tisanafike pa mawu, pali nkhani yomwe imandiwawa. Anthu amauzana kuti chithunzi chikapanda kukhala 300 DPI, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse, chimatuluka chosaoneka bwino pafoni. Ena amati cha pa intaneti chiyenera kukhala 72. Zonsezi ndi bodza, abale anga. Foni yanu siwerenga DPI. Imawerenga ma pixel, timadontho timene timapanga chithunzi pa sikirini.

Ndikuonetseni. Image, Print Size. Apa palembedwa 300, ndikusintha ndikuika 72. Yang'anani pamwamba pa windo, akadali 1080 ndi 1080. Palibe pixel imodzi yomwe yachoka, palibe yomwe yawonjezeka. Chasintha ndi kukula kwake papepala. Ma pixel 1080 mukawapanikiza 300 pa inchi iliyonse, chithunzi chituluka mainchi 3.6, pafupifupi masentimita 9. Mukawamwaza 72 pa inchi, chituluka mainchi 15, masentimita 38. DPI ndi uthenga wopita kwa pulinta, kuiuza kuti madontho iwathinitse motani. Ngati simukupulinta, uthengawo palibe amene akuuwerenga. Sungani ziwiri, china 72 china 300, mudzitumizire pafoni, muziyang'ane moyandikana. Mukapeza kusiyana, bwerani mudzandiuze.

Nanga 72 ameneyu anachokera kuti? Kompyuta yoyamba ya Macintosh ya mu 1984 inali ndi sikirini ya ma pixel 72 pa inchi. Mafoni a lero ambiri amapitirira 300, koma nambala ija inakanirira m'mitu ya anthu.

Choipa cha bodzali n'chakuti munthu amatenga kachithunzi ka kalulu ka ma pixel 400, n'kulembapo 300 DPI, n'kumayembekezera kuti kakhala kakuthwa pa positala. Sizitheka. Mukakatambasula, pulogalamu imangopeka ma pixel omwe kunalibe, makutu a kalulu n'kuoneka ngati mukuwaonera m'chifunga. Mukufuna kupulinta pa A4? Yambani ndi 2480 m'lifupi, 3508 m'litali, kuchokera pa File, New pomwe. Pamenepo ndiye 300 ali ndi ntchito.

Chomwe chimawononga zithunzi pafoni ndi china. Fayilo ya chithunzi ya mtundu wa JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse mukaisunganso, ndipo WhatsApp imafinya chithunzi potumiza. Mukachitumiza ngati Document chimafika momwe chinalili.

Chabwino, mtima watsika. Chachinayi, mawu. Text tool, lembani "Pasaka Wabwino", zilembo zazikulu, mtundu wakuda bwino kuti ziwerengeke pa pinki uja. Musapitirire ma font awiri.

Chachisanu, sungani kawiri. Save ikupatsani XCF yomwe imasunga ma layer onse, kuti chaka chamawa mudzangosintha mawu. Export As ikupatsani PNG yotumiza. Ngati mwasiya kumbuyo kopanda mtundu, PNG ndi yomwe ikusungireni zimenezo, JPEG siingathe.

Vidiyo ikubwerayi tidzadula kalulu pachithunzi osamumeta ubweya. Dinani kabelu kuti isakuphonyeni. Tionana!