Achalasia ndi endoscopy: kamera ija imaona chani, imaphonya chani?

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikamba za matenda omwe ambiri simunawamvepo, achalasia, komanso endoscopy, ija amalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera mkamwa. Ambiri amaganiza kuti kamera ikangolowa basi matenda apezeka. Pa achalasia sizitero ayi.

[Pa sikirini: chithunzi cha kummero ndi chifu]

Mukameza, chakudya chimatsika mu njira yoyambira kukhosi kukafika kuchifu, madokotala amati esophagus, kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi masentimita 25. Njirayi imafinya chakudya nkumachikankhira pansi, nde kumapeto kwake kuli mnofu wozungulira womwe umakhala chitsekere, mukameza umamasuka chakudya nkudutsa. Munthu wa achalasia timitsempha touza mnofuwu kuti umasuke timakhala tawonongeka, ndiye pansi sipatseguka bwino, kufinya kujanso kulibe, chakudya chimangoima panjira. Ndi matenda osowa, pachaka amapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100,000, kawirikawiri azaka 25 mpaka 60. Ku South America matenda a Chagas amawononganso timitsempha tomweti.

Wodwalayo amadandaula zotani? Kumeza kukuvuta, ndipo apa mumvetsetse, osati zolimba zokha, ndi madzi omwe amakakamira. Chakudya chimabwerera mkamwa chisanagayike, usiku amatsamwa nkumakhosomola, pachifuwa kupweteka, thupi kumatha pang'onopang'ono. Vuto ndi loti ambiri amayamba kaye kupatsidwa mankhwala a chilungulira, amamwa miyezi, ena zaka, osasintha kanthu, pomwe gwero lake si asidi nkomwe.

Nde tifike pa endoscopy. Munthu wamba amauzidwa kuti asadye maola 6 mpaka 8, koma akamakayikira achalasia amatha kukuuzani kuti muzingomwa zamadzimadzi tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa chakudya cha dzulo kapena dzana chimapezeka chikadali kummero, ndipo chikabwerera muli mtulo ta mankhwala chitha kulowa mmapapo. Izi musazitenge mwachibwana chonde.

Kamera ikalowa, adokotala amayang'ana ngati njira yatambasuka kuposa mmene iyenera kukhalira, ngati muli malovu athovu, madzi kapena zotsalira za chakudya, nthawi zina timawanga toyera ta fangasi ya Candida chifukwa zinthu zimakhalitsamo. Pansi paja pamaoneka pothinana, mpweya akapopa sipatseguka, koma akakankha kachubu pang'ono pokha kamadutsa ndithu mpaka kuchifu. Kudutsako nkofunika kwambiri. Kakakanika kudutsa, kapena pakumveka kulimba zedi, dokotala wabwino amayamba kuganizira zina.

Zina zake ndi khansa. Chotupa chomera pomwe kummero kumakumana ndi chifu chimatha kubweretsa zizindikiro zofanana ndendende ndi achalasia, amazitcha pseudoachalasia. Kwa ine iyi ndiye ntchito yaikulu ya endoscopy pa nkhaniyi, kutsimikiza kuti si khansa. Nchifukwa chake kamera ikafika mchifu amaipinda kuti iyang'ane mmbuyo komwe yachokera, aone khomo lija cha kunsi kwake, ndipo pakakhala pokayikitsa amatsinako kanyama kukayeza ku labu. Amachenjera kwambiri ngati munthuyo wapitirira zaka 55, vuto layamba miyezi yochepa yapitayi koma thupi latha msangamsanga. Kanyamako kamathandizanso kupeza matenda ena otupitsa kummero, eosinophilic esophagitis, omwenso amavutitsa kumeza.

Tsono mbali yomwe ndikufuna muigwire ndi iyi. Matendawa akangoyamba kumene, njira isanatambasuke, endoscopy imatha kutuluka bwinobwino, lipoti nkulembedwa kuti palibe vuto, munthu nkubwerera kwawo kukapitiriza kutsamwa, ena mpaka kumuuza kuti ndi maganizo chabe. Kamera imaona maonekedwe, siyeza mphamvu ya mnofu, ndiye singakuuzeni ngati ukumasuka kapena ayi.

[Pa sikirini: zotsatira za manometry]

Choyeza chotsimikizira ndi manometry. Kachubu kowonda kamalowa pamphuno, muli maso, amakupatsani madzi pang'onopang'ono mumeze kakhumi, makina nkumalemba mmene minofu ikufinyira. Nkosasangalatsa eti, koma sikatenga nthawi. Zotsatira amaziwerenga potsatira ndondomeko ya madokotala yotchedwa Chicago Classification, ya nambala 4 inatuluka 2021, ndipo imagawa achalasia mmitundu itatu. Mtundu wachiwiri ndi womwe umamva chithandizo bwino, wachitatu wa kukokana kwa minofu ndi wovutirapo. Palinso ekisire yomwe mumamwa madzi oyera a barium, pachithunzi kumapeto kwa njira kumaoneka kosongoka ngati mlomo wa mbalame.

Timitsempha tija sitibwerera, ndiye chithandizo chonse cholinga chake nkumasula pothina paja. Mu 1674 Thomas Willis ku England ankathandiza wodwala wake ndi kamtengo ka fupa la namgumi kokhala ndi siponji kunsonga, nkumakankhira chakudya pansi, tangoganizani. Opaleshoni yodula mnofuwo anayamba ndi Ernst Heller mu 1913 ndipo ikuchitikabe, masiku ano kudzera mtimabowo ting'onoting'ono pamimba. Koma zambiri pano zikudzera mu endoscopy momwemo, kutambasula ndi baluni ya mamilimita 30 mpaka 40, jakisoni wa Botox wofooketsa mnofuwo, yemwe mphamvu yake imatha pakapita miyezi ingapo ndiye amakonda kupatsa achikulire omwe opaleshoni singawayenere, komanso POEM yomwe Haruhiro Inoue anayamba ku Japan mu 2008, amadula mnofu kuchokera mkati osang'amba khungu, kungoti ambiri pambuyo pake asidi amabwerera kummero nde amafunika mankhwala ake.

Ngati endoscopy yanu inatuluka yabwino koma ndi madzi omwe akukakamirabe, bwererani kwa adokotala mukafunse za manometry kapena ekisire ya barium.