Makalata a Omvera: Kapepala ka M'bokosi la Mankhwala Kandiopsa

Takulandirani omvera athu ku gawo la makalata. Lero ndasankha makalata awiri ochokera kwa makolo amene ana awo akudwala matenda ovutika maganizo, amene madokotala amawatchula kuti depression. Pa nkhani zotere mayina sititchula.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina, ndipo ikuti:

"Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 anasintha chaka chatha. Ankakonda kuimba ndi kucheza, koma anayamba kudzitsekera m'chipinda, kupsa mtima pa tinthu tating'onoting'ono, kugona masana n'kuchezera usiku ali maso, ndipo anayamba kulephera mayeso amene kale ankakhoza mosavuta. Dokotala anamupeza ndi matendawa, ndipo uphungu wa miyezi itatu utalephera kusintha zinthu, anamulembera mankhwala otchedwa fluoxetine. Atamwa masiku 10 ndinawerenga kapepala ka m'bokosi, ndipo ndinapezapo mawu akuti mankhwalawa angachititse achinyamata kuganiza zodzipha. Bambo ake anati tiwataye. Ine sindinataye koma ndawabisa, moti mwana sanamwe masiku anayi tsopano, ndipo dokotala sakudziwa. Kodi ndachita bwino?"

Mayi, powerenga kapepalako mwachita bwino, pakuti ambirife timakataya pamodzi ndi bokosi. Koma pomusiyitsa mwana mankhwala dokotala osadziwa, pamenepo sindikugwirizana nanu, ndipo ndikufuna ndikuuzeni komwe chenjezolo linachokera kuti mulione pa msinkhu wake weniweni.

M'chaka cha 2004, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana 24 amene anakhudza ana ndi achinyamata oposa 4,400. Linapeza kuti mwa ana 100 alionse amene ankamwa mankhwala a matendawa, pafupifupi anayi anasonyeza maganizo kapena zochita zofuna kudzipha, pamene mwa 100 amene ankamwa mapiritsi ongofanizira, opanda mankhwala m'kati, anali awiri. M'kafukufuku yenseyo panalibe mwana amene anadziphadi. Kusiyanaku n'koona ndipo sindikukuchepetsa, komabe chimene bungwelo linalamula ndi chakuti pakhale chenjezo komanso kuti mwana aziyang'aniridwa kwambiri, makamaka m'masabata oyamba ndi pamene mlingo wasinthidwa. Mankhwalawo silinawaletse, chifukwa matendawo pawokha, akapanda kuchiritsidwa, ndi amodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimafikitsa achinyamata pa maganizo omwewo amene mukuopa.

Chaka chomwecho panatuluka zotsatira za kafukufuku wina wa ku America wotchedwa TADS, amene anatsatira achinyamata 439 a zaka 12 mpaka 17. Patatha masabata 12, mwa 100 alionse amene ankalandira fluoxetine pamodzi ndi uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita, 71 anapeza bwino. Mwa amene ankamwa fluoxetine yekha anali 61, a uphungu wokha 43, ndipo a mapiritsi ongofanizira aja 35. N'chifukwa chake madokotala akaona kuti wachinyamata akufunika mankhwala amayambira pa fluoxetine, ndipo n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti uphungu uja usathe ngakhale unaoneka ngati sukuthandiza. Masiku 10 nawonso ndi ochepa kuti muweruze, chifukwa mseru, mutu ndi kusokonezeka kwa tulo zimabwera msanga, pamene phindu lake limaoneka bwino pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Lankhulani ndi dokotala lero kapena mawa, mumuuze mosabisa kuti mwana wadumpha masiku anayi, ndipo iye ndiye anene mmene ayambirenso. Musamumwetse mapiritsi a masiku odumphawo nthawi imodzi. Bambo ake mupite nawo limodzi, akafunse okha mafunso awo, pakuti mantha awo si achabechabe, ndipo mwana savutika kuona kuti makolo ake sakumvana pa za iye. Ngati m'banja mwanu munakhalapo munthu amene ankati nthawi zina kukhumudwa kwambiri, nthawi zina kusangalala mopitirira muyeso osagona n'komwe, dokotala adziwe zimenezo, chifukwa zimasintha kaperekedwe ka mankhwala.

Kubisa kwanu kuja kuli ndi mbali imodzi yabwino, ndipo imeneyo muisunge. Mankhwala onse a m'nyumba, ngakhale opha ululu, azikhala potsekedwa, ndipo mwana muzimupatsa nokha mlingo wa tsikulo. Mukatero muzimuyang'anira. Akayamba kusakhazikika, kulephereratu kugona, kupsa mtima kuposa kale, kulankhula za imfa, kudzivulaza kapena kugawira anzake zinthu zimene amazikonda, musadikire tsiku limene dokotala anakupatsani. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Makolo ambiri amaopa kuti funsoli limaika maganizowo m'mutu mwa mwana, koma sizili choncho, ndipo ana ambiri mtima umakhala pansi akaona kuti pali munthu wamkulu amene sakuopa kumva yankho. Akavomera, makamaka akanena kuti waganiza kale njira, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Chinthu chimodzi chandikhudza m'kalata yanu. Ndamva maganizo anu, a bambo ake ndi a dokotala, koma a mwini matendawo sindinawamve. Mtsikana wa zaka 15 akudziwa kuti mapiritsi ake asowa, ndipo ngati palibe amene wamufotokozera, angaganize kuti makolo ake sakukhulupirira kuti akudwaladi. Khalani naye pansi usiku uno, mumuuze zimene munawerenga ndi mantha amene munachita, kenako mumufunse mmene ankamvera m'masiku 10 aja.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina:

"Mwana wanga wamwamuna wa zaka 17 wamwa mankhwala a matendawa miyezi inayi ndipo wachira, akuseka ndiponso wabwerera ku mpira. Ndikufuna asiye asanawazolowere ngati fodya."

Bambo, tikusangalala nanu. Mankhwalawa sapereka chibaba ngati fodya kapena mowa, ndipo munthu saledzera nawo kapena kulakalaka kuwonjezera mlingo. Chimene chimachitika ndi chakuti thupi limazolowera kukhala nawo, moti kusiya mwadzidzidzi kungabweretse chizungulire, mseru, kusowa tulo ndi kupsa mtima. Ndi fluoxetine zimenezi zimachepa chifukwa amachoka m'thupi pang'onopang'ono, koma inu simunatchule dzina la mankhwala a mwana wanu, ndipo ena amavuta kusiya kuposa amenewa. Chachikulu n'chakuti matendawa amakonda kubwerera munthu akasiya msanga, choncho madokotala amalangiza kupitiriza kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi kuchokera pamene munthu wapeza bwino, osati kuchokera pamene anayamba kumwa. Mukapita kukaonana ndi dokotala, mumufunse mwezi umene akuganiza zoyamba kuchepetsa mlingo, ndipo mugwirizane kuti usagwere m'nyengo ya mayeso.