Makalata Anu: Kodi Sukulu Imazimitsa Mzimu?

Mwaswera bwanji nonse, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, osaiwala inu amene mukusoka maukonde pa Malombe wailesi ili pambali. Lero tiwerenga makalata awiri.

Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Folomu 3 ku Malindi. Akuti: "Ndimafuna kudzakhala namwino, koma mkulu wina wa mpingo kwathu amati sukulu ikachuluka imazimitsa Mzimu, paja Petro ndi Yohane anali asodzi osaphunzira. Ndikafunsa funso pophunzira Baibulo amati ndine wokayika. Kodi ndikuchimwa?"

Ayi achemwali, simukuchimwa. Za Petro ndi Yohane zilipodi pa Machitidwe 4:13, koma asodzi amenewa ankayenda ndi Yesu usana ndi usiku, akumufunsa ngakhale tanthauzo la mafanizo, ndipo sanawathamangitse. Buku lomwelo likuti Mose anaphunzira nzeru zonse za Aigupto, Paulo naye anaphunzira pa mapazi a Gamaliyeli. Ine imandigwira mtima ndi 2 Timoteo 4:13. Paulo ali m'ndende, akudziwa kuti imfa yayandikira, koma akuuza Timoteo kuti pobwera atenge chofunda chake ndi mabuku. Munthu woyembekeza kuphedwa akufunabe chowerenga!

Nanga Buku Lopatulika limene abambowo amanyamula linachoka kuti? Linatuluka mu 1922 chifukwa mmishonale William Murray ndi anzake, pamodzi ndi aphunzitsi achikuda, anakhalira pansi zaka zambiri kusinkhasinkha liwu lililonse polimasulira m'Chinyanja. Ndipo kwanu komweko kuli chipatala cha St Martin's chimene anayambitsa a mishoni a Anglican. Amene amabaya jakisoni mmenemo anayamba alowa m'kalasi.

Komabe abambowo musawanyoze. Mwina anaonapo ana amene atangolandira satifiketi anayamba kuyankhula ndi makolo manja ali m'thumba, ndipo 1 Akorinto 8:1 ikuchenjezadi kuti kudziwa zinthu kumatukumula munthu. Funso lanu musawaponyere pagulu. Pitani kunyumba kwawo ndi amayi anu, mukhale pansi, mufunse mwaulemu.

Yachiwiri ndi ya bambo wogulitsa usipa pamsika wa pa boma. Akuti: "Mnzanga amene tayandikana mabenchi ndi Msilamu, malemba awo amawanena pamtima. Anandifunsa chifukwa chake tili ndi Mauthenga anayi m'malo mwa umodzi, ine kukamwa kunangoti gwa. Ndinachita manyazi."

Achimwene, mnzanuyo wakuchitirani zabwino, musamukwiyire. Kuno ku Mangochi timamwa pa mjigo umodzi ndi abale athu Achisilamu, ndiye mafunso otere sadzatha. Yankho lachidule ndi lakuti Uthenga ndi umodzi, mboni ndiye zinayi, ndipo Luka akunena yekha koyambirira kwa buku lake kuti ambiri analembapo, iye anafufuza zonse mosamala asanalembe. Koma musangotenga zanga. Anthu a ku Bereya ankati akamva ulaliki wa Paulo amakafufuza m'malembo tsiku ndi tsiku ngati zinali zoona. Yambani ndi Marko, ndi wamfupi, ali ndi mitu 16 yokha. Mutu umodzi patsiku podikira makasitomala, ndipo pamene pakuvutani lembani kuseri kwa kope la ngongole mudzatitumizire.

Inu mayi a ku Namwera amene mwafunsa za maloto, kalata yanu tiyamba nayo sabata yamawa. Pakali pano timvere kaye kwaya.